Tsiku Limene Ndinagwada ku Ngong

Ana inu, khalani pansi. Ndikudziwa kuti simunabadwe. Mayi wanu Tadala ali ndi zaka zisanu zokha, ndipo pamene ndikulemba izi ali panja, akukangana ndi nkhuku. Koma mudzabwera ndithu, ndipo mudzafuna nkhani kwa agogo anu. Vuto ndi lakuti agogo anuwa ndi amanyazi. Anthu akapitirira atatu m'nyumba, lilime langa limauma, ndipo sindikhulupirira kuti imvi zidzasintha zimenezi. N'chifukwa chake ndagula kope ku msika wa Ngong kuti ndikuuziretu tsopano, pamene palibe wondiyang'ana. Sukulu ndinalekera Sitandade 5. Amene adzapeze cholakwika m'zolembazi atseke pakamwa, apitirize kuwerenga.

Dzina langa ndine Esinati, kwathu ndi ku Thyolo. Kuno ku Kenya palibe amene amandiitana dzina limenelo. Ndine Mama Tadala basi.

Ndikufuna ndikuuzeni za mtedza. Sindikunena wokumba pansi uja wotendera ndiwo, ayi. Ndikunena wa mumtengo, wa makadamiya. Inu mwina mudzaudziwira m'kapepala konyezimira ka m'sitolo, n'kumaganiza kuti umabadwira momwemo uli kale ndi mchere. Mtedza umenewu ndi umene unatsala pang'ono kutichotsa pa nyumba imene mayi wanu anaphunzirira kuyenda, ndipo ndi womwewo umene unatisunga.

Kwathu makadamiya ambiri anali a ku esiteti. Amayi anga ankatola kumeneko nyengo ya dzinja, ndipo ine ndinkawatsatira Loweruka ndi masiku amene ndajomba kusukulu, amene anali ambiri kuposa Loweruka. Inali ntchito yowerama tsiku lonse. Palibe ankakwera mumtengo, palibe ankaugwedeza. Mtedza ukakhwima umagwa wokha, iwe n'kutola. Kapitawo akakupeza ndi ndodo pansi pa mtengo, unkabwerera kwanu tsiku lomwelo.

Kuseri kwa nyumba yathu kunalinso mitengo iwiri yathuyathu, ndipo amayi ankaisamala ngati ana. Mvula isanayambe ankasesa pansi pake mpaka mbee, kuti chilichonse chogwa chioneke. Mtedza woyamba kugwa sankaukhulupirira. Ankautembenuza n'kundionetsa kabowo kakang'ono ngati ka singano, ndi tiufa pakamwa pa kabowoko. “Muli mlendo umu,” ankatero. Mlendoyo inali mbozi. Wotero ankautaya pamoto, chifukwa ukausiya pansi mboziyo imatuluka, n'kukhala kagulugufe, n'kukaikira mazira pa wabwino uli m'mwamba. Wokhwima bwino ankatola tsiku ndi tsiku, n'kusenda khungu lake lobiriwira dzuwa lisanalowe, n'kuyanika pa thandala la pamthunzi pomwe pamadutsa mphepo. Pakapita masabata awiri kapena atatu ankatenga umodzi n'kuugwedeza pakhutu. Ukalira kuti gobedegobede m'chigoba mwake, ndiye kuti wauma.

Ine zonsezi ndinkaziona, koma ndinazimvetsa tsiku limene ndinalakwa. Amayi anapita ku maliro ku Bvumbwe, n'kundisiyira mitengo ija. Kutola ndinatola. Koma kusenda, ana inu, kumapweteka zala, ndipo kumadetsa manja ngati wagwira makala. Anzanga anali akusewera fulaye pabwalo, mpira ukumveka kuti phu, phu. Ndinatenga mtedza wonse ndi makungu ake, n'kuuthira m'thumba la feteleza, n'kumanga pakamwa, n'kubisa kuseri kwa chitseko. Mawa lake chimodzimodzi. Amayi anakhala masiku asanu.

Atabwera sanafunse zambiri. Ananunkhiza m'nyumba, n'kupita molunjika kuseri kwa chitseko.

“Iwe Esinati, tabwera. Pisa dzanja umu.”

Ndinapisa. M'thumbamo munali motentha.

“Ndani akudwala malungo m'thumba muno?”

Anakhuthula pansi. Makungu anali atada, ena atamera tindevu toyera, fungo lake ngati bulangete lonyowa. Sanandimenye. Anandipatsa mwala n'kunena kuti ndiswe umodziumodzi mpaka wonse uthe, ndizipenya m'kati. Wina unali wotuwa, wina wa madontho obiriwira, wina wowawa fungo. “Mtedza umapuma ngati iwe,” anatero. “Ukautsekera umatuluka thukuta, thukutalo ndi limene limabweretsa chuku.” Chuku ndi nkhungu ija imamera pa chakudya chosungidwa chonyowa. Alangizi anali atawauza kuti chuku sichigwetsa munthu lero, chimadya chiwindi pang'onopang'ono. Choncho ngakhale nkhuku sanazipatse. Tinakwirira wonse kudzala, ine ndikulira.

Mukadzaona chikhadabo cha chala changa chachikulu chakumanzere chili chokhota, musadzandifunse. Ndi tsiku limenelo. Chigoba cha makadamiya n'cholimba ngati fupa, ndipo chimathawa mwala. Umafunika mwala wapansi wokhala ndi kadzenje, kuti mtedzawo ukhazikike. Ine ndinalibe nthawi yofuna kadzenje, ndinali ndi mkwiyo.

Ndinakwatiwa ndili wamng'ono. Agogo anu aamuna, a Yohane, anali khukhi pa nyumba ya bwana wina ku Blantyre. Bwanayo atasamutsidwa ntchito kubwera ku Nairobi, anati sangadye chakudya cha munthu wina, n'kuwatenga. Ine ndinatsala ndi pakati. Tadala atayamba kukwawa, a Yohane anatumiza mawu kuti tibwere.

Inu mudzakwera ndege, n'kudandaula kuti mpando ndi wothina. Ife tinabwera pa basi, masiku atatu. Kamba wanga anali mbatata yootcha, chimanga chokazinga ndi thobwa la m'chigubu, limene linaphulika titangowoloka Songwe n'kusambitsa bambo wina wovala jekete. Sindinathe ngakhale kupepesa, ndinangobisa nkhope m'chitenje mpaka ku Mbeya. Mapazi anatupa, nsapato zinakana. Pa katundu yense amene ndinanyamula, chimene ndinachigwiritsitsa ndi lichero la amayi. Anthu ankaseka kuti ku Nairobi kulibe malichero kodi? Ine ndinangolikumbatira.

Kumene a Yohane amagwira ntchito, ku Muthaiga, kuli nyumba zazikulu ngati zipatala, koma kachipinda ka wantchito n'kokwana bedi limodzi. Choncho anatipezera nyumba ku Ngong, kutali ndithu, matatu awiri. Matatu ndi minibasi ya kuno, imene imaliza nyimbo mpaka mano kunjenjemera. Iwo ankagona kuntchito, n'kumabwera Loweruka madzulo, kubwerera Lolemba m'mamawa. Mpaka lero zili choncho.

Tinafika ku Ngong kukuzizira, chifunga chitaphimba mapiri. Ndinali nditatopa, mwana akulira, anthu onse akulankhula chinenero chimene ndinkangotolamo mawu amodziamodzi. Titalowa pa geti, ndinakweza maso. Ana inu, mitengo isanu ndi iwiri ya makadamiya, masamba ake omwe aja a m'mbali mwa minga. Ndinaima. A Yohane anati, “Mwatani amake Tadala?” Zinali ngati wakumana ndi mbale wako pa depoti ya dziko la eni. Kanyumba kathu ka zipinda ziwiri kanali pansi pa mtengo wotsiriza, nthambi zake zikukhudza malata.

Mwini malowo ndi Mama Njeri, mayi wamasiye, wamtali, wa mawu omveka mpaka kumsewu. Amavala juzi ziwiri ndi chipewa cha ulusi ngakhale dzuwa likuwala. Masiku oyambirira ndikamva mawu awo ndinkathawira m'nyumba. Sikuti anali oipa. Ankatumiza mkaka wa Tadala, ankandiponyera masamba a sukuma pakhomo, ndiwo zija zofanana ndi repu. Koma ankalankhula mofulumira, akundiyang'ana m'maso, ndipo ine kwathu ndinaphunzitsidwa kuyang'ana pansi.

Mvula ya kuno yaikulu imayamba m'Malichi. Chaka choyamba chija mtedza unayamba kugwa, ine n'kumadikira kuti wina abwere ndi ndowa. Palibe anabwera. Unagwera m'udzu wautali, mvula n'kuunyowetsa, dzuwa n'kuuwomba, mvula n'kubweranso. Makoswe ankachita phwando. Patapita masabata, kunabwera amuna atatu ndi nsungwi zazitali. Anamenya mitengo ija ngati yawalakwira. Kunagwa wokhwima, wanthete, masamba, nthambi. Anakokolola zonse pamodzi ndi wakale uja wa m'udzu, n'kuthira m'matumba a pulasitiki, makungu ali pomwepo, n'kutsekera m'kachipinda kopanda zenera.

Ine ndinaonera pa zenera langa, dzanja lili pakamwa.

Loweruka ndinawauza a Yohane. Anati, “Ndiye bwanji osawauza mayiwo?”

“Ine? Mlendo wa dzulodzulo, ndikaphunzitse munthu wamkulu mitengo yake?”

“Inu mumadziwa, iwo sadziwa. Chovuta n'chiyani?”

“Kawauzeni ndinu, mumatha Chiswahili.”

“Ine ndimadziwa kuukazinga ndi batala basi. Akandifunsa funso lachiwiri ndiyankha chiyani?”

Tinaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndimachita nazo manyazi mpaka lero, chifukwa kukhala chete kwangako kunadula mtengo.

Wogula atabwera ndi njinga yake yamoto, anamasula thumba limodzi, n'kuswa pang'ono, n'kupukusa mutu. Lachiwiri chimodzimodzi. Anapita osanyamula kanthu. Sabata yomweyo kunabwera a Kamau, mwana wamwamuna wa Mama Njeri, amene amagwira ntchito mu ofesi ku Westlands ndipo nsapato zawo sizidziwa matope. Anayenda m'mundamo akuloza uku ndi uku ndi kiyi wa galimoto. Loweruka lotsatira anabwera ndi munthu wa makina ochekera mitengo, ndipo mtengo wa pa geti unagwa. Thunthu lake analisiya pomwepo m'mbali mwa mpanda.

A Yohane ndi amene anandimasulira zimene zinakambidwa. A Kamau ankati mitengoyo ndi yokalamba, ili ndi matenda, imangobala zowola. Ankafuna kudula yonse n'kumanga nyumba zosanjikizana za lendi, monga aliyense akuchitira ku Ngong masiku ano. Mayi awo anapempha kuti yotsalayo ipatsidwe mvula imodzi yokha. Ikabalanso zowola, idulidwe.

“Nanga kanyumba kathu?” ndinafunsa.

“Kali pakati penipeni pa pulani yawo.”

Mwina inu mudzati nyumba ndi nyumba, mukanapeza ina. Koma ine m'Nairobi monse ndinkadziwa njira ziwiri zokha, ya kumsika ndi ya kutchalitchi. Pa khonde la kanyumbako ndi pamene Tadala anayambira kuyenda, akugwira khoma. Ndipo pansi pa mtengo umenewo ndi pokhapo pamene ndinkamva ngati amayi ali pafupi.

Malichi wotsatira atayandikira, ndinatenga tsache n'kusesa pansi pa mtengo wa pakhomo pathu. Palibe amene angakudzudzule chifukwa chosesa pakhomo pako. Mtedza woyamba utagwa, ndinatola wa timabowo n'kuutaya pa mbaula. Kenako wabwino unayamba kugwa. Usiku umamveka pa malata kuti kho! M'mawa uliwonse ndinkatola m'chitenje, n'kusenda m'nyumba chitseko chili chotseka. Kuseri kwa nyumba kunali bedi lakale la waya lotayidwa. Ndinalikokera pansi pa denga, n'kuliika pa njerwa, n'kukhala thandala langa. Maganizo anga anali akuti ukauma ndidzauika pakhomo pa Mama Njeri iwo ali kutchalitchi, adzaupeze okha. Kulankhula ndiye ayi.

Mukuona nzeru za agogo anu? Kutola mtedza wa mwini, kuusenda mobisa, kuuyanika kuseri. Mbava ikanachita chiyani chosiyana?

Mitengo ina ija inkangogwetsera m'udzu monga kale. Mama Njeri anaitanitsa munthu kuti akokolole wa pansiwo n'kuthira m'matumba, ndipo amuna a nsungwi anapanganika kubwera Lachisanu lina. Lachitatu la sabata imeneyo, m'mawa, ndikuchapa matewera, ndinamva mawu aja kuseri kwa nyumba.

“Mama Tadala! Bwera kuno!”

Ndikulemba m'Chichewa, koma iwo ankalankhula Chiswahili, chimene panthawiyo ndinali nditayamba kumva koma chinkakana kutuluka pakamwa. Ndinawapeza ataima pa bedi lija, manja m'chiuno. Ankatsatira nkhuku yawo yoikira patchire.

“Ndimadabwa kuti mitengo yonse ikugwetsa, koma uwu wokha pansi pake pali mbee. Ichi n'chiyani?”

Ndinachita chimene mwana aliyense woleredwa bwino kwathu amachita munthu wamkulu akamulankhula mokwiya. Ndinagwada. Ndinagwada m'matope momwemo, manja pamodzi, maso pansi.

Kenako anati, motsitsa mawu, “Ndiye ukuvomera.”

Ndinkafuna kunena kuti ayi mayi, ndi wanu, ndimakusungirani. Mawu onse a Chiswahili anathawa. Ngakhale a Chichewa anathawa.

“Ndakupatsa mkaka. Ndakupatsa ndiwo. Mwana wako amanditchula agogo. Ukanapempha, ndikanakumana? Mwezi ukatha mupeze kwina. Sindikhala ndi mwizi pakhomo.”

Liwu limenelo, mwizi, silinafune womasulira: ankanditcha mbava.

Ndinawaimbira foni a Yohane ndikulira. Anati, “Musachite kalikonse, ndibwera Loweruka tidzakambirane nawo bwinobwino.” Ndinavomera. Koma nditaika foni ndinakumbukira kuti Loweruka lisanafike pali Lachisanu. Amuna a nsungwi akamenya mitengo ija, mtedza wonse wa chaka chimenecho upita, mitengo ipita, nyumba ipita, ngakhale Mama Njeri atandikhululukira za umbava. A Yohane akanabwera kudzakonza dzina langa pamalo poti palibenso chopulumutsa.

Lachinayi m'mawa ndinabereka Tadala kumbuyo, ngakhale anali wamkulu woti n'kuyenda yekha. Ndinkafuna kulimba mtima ndi kulemera kwake. Ndinadzaza lichero la amayi ndi mtedza wa pa bedi, ndinatenga mwala wanga wa kadzenje ndi mwala woswera. Ndinadutsa pa kachipinda ka matumba, n'kupisa dzanja m'thumba limodzi. Munali motentha, kutentha komwe kuja kwa kuseri kwa chitseko ku Thyolo. Ndinatapa wodzaza manja awiri.

Mama Njeri anali pakhonde, akumwa tiyi. Atandiona anaika kapu pansi. Mawondo anga anayamba kale kupinda okha, koma ndinawaletsa. Ndinakhala pa sitepe. Ndinaika wa m'thumba kumanzere, wa pa bedi kumanja. Panjira ndinali nditaloweza mawu ochepa, ndipo ndinawatulutsa onse nthawi imodzi asanathawe.

“Mama, angalia. Hii ni yako. Na hii pia ni yako.” Ndiko kuti, mayi taonani, uwu ndi wanu, uwunso ndi wanu.

Ndinayamba ndi wa m'thumba. Ndinasenda khungu lakuda loterera, n'kuswa. M'kati munali motuwa. Wachiwiri unali ndi chuku chobiriwira. Wachitatu munatuluka mbozi yonenepa, ikudzipinda ngati yakwiya kuti taidzutsa. Wachinayi unali wabwino, sindinama. Wachisanu unali wowola. Ndinawagwira dzanja, ine amene sindinkatha kuwayang'ana m'maso, n'kuwakokera ku kachipinda kuja, n'kulowetsa dzanja lawo m'thumba. Analichotsa msanga.

“Bwanji mukutentha?”

“Ukupuma,” ndinatero, n'kuonetsa ndi chifuwa changa. “Thukuta.”

Titabwerera pakhonde ndinatenga wa m'lichero n'kuugwedeza pa khutu lawo. Gobedegobede. Ndinaswa. Unatuluka wathunthu, woyera ngati dzino la mwana. Ndinaswa wina, ndi wina, mpaka khumi. Umodzi wokha unali ndi kadontho kolumidwa ndi nunkhadala, kachilombo konunkha kaja. Ndinawapatsa ndi manja awiri.

Anatafuna nthawi yaitali. Anatenga wina. Kenako ndinaona akupukuta m'maso ndi mkono wa juzi.

“Chimwalirire mwamuna wanga sindinalawe wotere,” anatero. “Mitengoyi anabzala ndi iye. Ine ndinkagulitsa zovala m'tauni, ndinkachoka m'mawa. Ndinkamuona tsiku lililonse akutuluka ndi ndowa, akuwerama pansi pa mitengo. Ndinkamunena kuti bambo iwe, ukungothawa ntchito za m'nyumba. Bwanji osadikira ugwe wonse, utole kamodzi?” Anaseka, misozi ikutsika. “Sanandiyankhe. Nayenso anali wosalankhula ngati iwe. Anthu inu mumatopetsa.”

Anandithirira tiyi, wa mkaka wambiri monga amaphikira kuno. Kenako anandiyang'ana cham'mbali.

“Nanga ngati sunabe, unagwadiranji?”

Ndinafotokoza ndi mawu othyokathyoka kuti kwathu timagwadira akulu. Popereka madzi timagwada, poyankha timagwada.

“Kwa aliyense wamkulu?”

“Eya, mayi.”

“Mawondo anu ndi achitsulo? Tamvera mwana wanga. Kuno munthu amagwada kutchalitchi, kapena akagwidwa. Ukadzagwada choncho pamaso pa wapolisi, udzagona m'selo pa mlandu wa munthu wina.”

Anaseka mpaka kutsokomola, ine n'kusekanso, nkhope ili m'chitenje. Za kutha kwa mwezi sanazitchulenso, ndipo ine sindinawakumbutse.

Lachisanu amuna a nsungwi anabwera. Mama Njeri anawalandira pa geti n'kuwauza kuti nsungwi atsamiritse pa mpanda, atenge zikwanje amwete udzu pansi pa mitengo. Mmodzi anang'ung'udza kuti chiyambire mtedza amachita kumenya. Iwo anati, “Chiyambire umawola. Mweta.” Matumba aja tinakhuthula, n'kusankha wochepa umene ukanapulumuka, wotsalawo n'kukwirira. Ankafuna kupatsa nkhuku, ine n'kugwira dzanja lawo kachiwiri. Munthu ukagwira dzanja la wamkulu kamodzi, kachiwiri sikavuta.

Kuyambira pamenepo tinkatola awiri, m'mawa uliwonse, mvula kaya chifunga. Iwo msana sulola kuwerama, ndiye ankayala thumba n'kugwada. Tsiku loyamba anandiyang'ana n'kunena, “Taona Mmalawi iwe, tsopano wandigwaditsa ine.” Posenda tinkakhala pakhonde pawo. Chiswahili changa ndinachiphunzirira pamenepo, manja ali bii. Iwonso anaphunzira kunena kuti zikomo, ngakhale amalitchula mokuwa ngati akuitana ng'ombe. Bedi lija linadzaza. Tinabwereka lina kwa oyandikana nawo, n'kuyalanso mawaya a khola la nkhuku. Wogula uja atabwera anaswa, n'kuswanso, n'kufunsa ngati tagula kwina. Ananyamula wonse umene tinamulola.

Mwezi wa Julaye, kukuzizira kwambiri, a Kamau anafika ndi munthu wa makina uja. Sanaimbe foni. Ine ndinaona makinawo ndili pakhomo panga. Mayi awo anawakhazika pakhonde, n'kuwaikira mbale ya mtedza umene a Yohane anakazinga ndi batala ndi mchere.

“Mwagula kuti?” anafunsa a Kamau, akutafuna.

“Kwa abambo ako.”

Anasiya kutafuna. Mayi awo analoza mitengo, kenako analoza ine. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. A Kamau anayamba kufotokoza kuti mtedza ndi wa nyengo imodzi pa chaka pamene nyumba za lendi ndi za mwezi ndi mwezi, kuti malo akukwera mtengo, kuti mayi mukukalamba. Zonse zinali zoona. Koma dzanja lawo linkabwerera m'mbale.

“Tinapangana kuti ikabala zowola idulidwe,” anatero Mama Njeri. “Chimene ukudyacho n'chowola?”

“Ayi, koma mayi...”

“Ndikadzafa udzamange mpaka kumwamba. Ndili moyo, ndizitola. Ndipo munthu wakoyu asabwerere chabe, mafuta athira kale m'makina.”

Anamutengera munthu uja pa thunthu la mtengo wa pa geti, limene linagona m'mbali mwa mpanda chaka chathunthu. Analicheka mapolo ndi matabwa. Pofika madzulo tinali ndi thandala lenileni, la miyendo inayi, lalitali kufika m'chiuno, lokhala ndi kadenga kake. Mtengo umene unafa chifukwa cha kukhala chete kwanga ndi umene umanyamula mtedza wa anzake mpaka lero. A Kamau anapita ndi kathumba ka akazi awo. Sabata yotsatira anaimba foni kufunsa ngati watsalako.

Sindikudziwa ngati mitengo isanu ndi umodziyi idzakhalapo pamene mukuwerenga izi. Mbali zonse za mpanda wathu nyumba zosanjikizana zikumera ngati bowa, ndipo Mama Njeri mawondo ayamba kuvuta. Mwina mudzabwera kudzaona n'kupeza malo oimika magalimoto. Musadzakwiyire munthu. Ine ndalandira zambiri. Ndikuthokoza amayi anga amene sanandimenye tsiku lija koma anandipatsa mwala. Ndikuthokoza bambo amene sindinawaonepo, amene ankatuluka ndi ndowa akunenedwa ulesi. Ndikuthokoza mayi wa mawu aakulu amene ananditcha mbava Lachitatu, n'kundithirira tiyi Lachinayi. Sabata yatha anandiuza kuti akadzadwala ndisadzaime pakhomo ngati mlendo, ndidzalowe mpaka kuchipinda.

Lichero ndi mwala wa kadzenje ndidzamusiyira mayi wanu. Musadzaseweretse mwalawo, ndipo wina asadzautaye poganiza kuti ndi mwala wamba. Akulu muziwagwadira mukapita kwathu. Kwina muziyamba mwafunsa.

Ndikanalemba zambiri, koma Tadala waima pakhomo, diresi wapinda kutsogolo, mwadzaza mtedza umene wagwa masana ano. Akuti wina uli ndi mlendo m'kati. Dzuwa lapendeka, ndipo uyenera kusendedwa lero.